Pamango ku Kapata, pomwe ndimakonzetsa Eagle ya malemu atate

Mwana wanga wachisamba anafika pakhomo dzuwa litapendeka, akukankha njinga, thumba la ufa lili paphewa. Ankachokera kuchigayo, ndipo potsetsereka kuseri kwa msika tayala lakutsogolo linalowa m'ngalande imene madzi a dzinja lapita anakumba m'mphepete mwa msewu. Iye anangosupuka chigongono. Njinga ndiyo inaona zakuda: limu inapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe, masipoko asanu anaduka, foloko nayo inapotokera kumanzere. Anzake anamuuza kuti angoipereka kwa ogula zitsulo zakutha apezeko ya sopo. Mawu amenewo anandilasa mtima, chifukwa njingayo ndi Eagle yakuda ya malemu atate, ndipo pa zonse zimene anatisiyira ndi yokhayo imene ikuyendabe.

M'mawa mwake ndinafunditsa nsalu makina anga osokera, ine ndi mwanayo n'kuikankha mpaka pamango, pomwe amakonzera njinga m'komboni yathu ya Kapata muno m'Chipata.

Malowa alibe dzina, alibenso chikwangwani. Chizindikiro chake ndi matayala akutha amene anapachikidwa panthambi za mtengo waukulu wa mango, ndipo pansi pake dothi linachita kuda bii ndi girisi wa zaka zambiri. Pali bokosi lachitsulo la masipanala, beseni la madzi oyeseramo chubu, mpope wa chigwiriro cha thabwa, ndi benchi lalitali limene akuluakulu amakhalapo akusewera nsolo. Mwini wake ndi bambo wa imvi mutu wonse. Dzina lawo sinditchula, sakonda zotchuka. Ine ndimawaitana kuti amalume popeza kwawo ndi kufupi ndi kwa amayi anga, njira ya ku Chadiza, pomwe ana onse a m'komboni amati asikulu.

Tinapatsana moni, anafunsa za kunyumba, za amayi ndi miyendo yawo, kenaka ndi pomwe anayang'ana njinga. Sanathamangire limu yopindikayo. Anayamba asisita felemu pafupi ndi chishalo pomwe pali chipsera chowotcherera.

"Mwana wanga, njinga iyi ndimaidziwa kukuposa. Apa atate ako anagundana ndi ngolo ya ng'ombe pobwerera ku Nc'wala ku Mtenguleni. Unali usanayambe n'sukulu komwe iwe."

Kenaka anatembenukira kwa mwana wanga, amene anali ataima chapatali mutu uli pansi. "Bwera kuno mdzukulu, gwira apa. Woiphwanya ndiye ayenera kuona mmene imachirira."

Ndakhala ndikusoka zaka zoposa makumi awiri, choncho ndimadziwa kusiyanitsa munthu wogwira ntchito ndi manja okha ndi wogwira ndi mutu womwe. Mmene amalume anawongolera limu ija n'zimene zandichititsa kulemba zonsezi. Anachotsa tayala ndi chubu, n'kumasula masipoko onse mpaka anayamba kugwedera. Limu anaigoneka pamatabwa awiri, n'kuiponda ndi chidendene pang'onopang'ono mbali yotukukayo, akuitembenuza, akuiyang'ana ndi diso limodzi. Itayamba kuoneka ngati limu anaibwezera pafoloko, njinga ili chagada, miyendo m'mwamba. Anatenga kachoko ka kusukulu, n'kukagwira pafupi ndi limu uku akuzungulitsa wilo. Paliponse pomwe limu inali yokhota, chokocho chinkasiya mzere woyera. Akatero ankaimitsa wilo, n'kumanga sipoko ya mbali inayo ndi kakiyi kake, theka la kuzungulira kokha, n'kumasulako ya mbali ino. Kufufuta choko ndi chala, kuzungulitsanso. Anabwereza mwina kokwana makumi atatu, osalankhula ndi munthu. Mizere yoyera ija inkafupikirafupikira mpaka inatheratu. Pomaliza anadutsitsa chikhadabo pamasipoko onse ngati woimba kalimba, khutu lili pafupi. Iwiri inalira mosiyana ndi inzake, anaimanganso. Atazungulitsa komaliza wilo inangoti phee, ngati siikuyenda.

Foloko sanaiwongole. Anati chitsulo chikapindika pakhosi pamenepo chimakhala chatopa, tsiku lina chidzathyoka mwana ali pa liwiro. Anafukula m'mulu wa zitsulo kuseri kwa mtengo n'kutulutsa foloko ya Eagle ina imene inafa kalekale, yadzimbiri kunja koma yolimba. Imeneyo ndiyo ili panjinga pano.

Pankhani ya zipangizo amalumewa sanyengerera munthu. Iwo sagulitsa zambiri, amangosunga zigamba, solushoni, mavalavu, makotapini ndi mabolo a m'habu. Zina amakutuma ukagule wekha ku Down Shops, kumashopu a amwenye, ndipo amakuuziratu chogula ndi chosiya. Ine ndinapita ndi sipoko imodzi yakale m'chikwama kuti ndikayerekeze kutalika. Ndinabwera ndi masipoko abwino, koma ndinatengekanso ndi tcheni chonyezimira chotsika mtengo. Anachipinda cham'mbali ndi manja awiri, chinapindika ngati chingwe, n'kundibwezera. "Chikomekome cha mkuyu ichi, m'kati muli nyerere. Miyezi iwiri sichifika. Tcheni cha atate ako chikadali ndi moyo, tichitsuke ndi parafini chabe." Munthu wofuna ndalama akanangomanga chatsopanocho n'kundidikira kuti ndibwerenso.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti Eagle inkapangidwa konkuno. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani cha UNIP, m'zaka za m'ma 1980, fakitale ya Luangwa Industries inkalumikiza njinga zimenezi muno m'Chipata, ndipo zinkapita m'dziko lonse. Kum'mawa kuno njinga inali kale ngati khasu, khomo lililonse linkailakalaka, koma fakitale ija inachititsa kuti tiziyenda modzitama. Atate anali mesenjala. M'mawa uliwonse ankapukuta madigadi ndi kansanza, kumanga mwendo wa buluku ndi kalamba kuti usadyedwe ndi tcheni, n'kutsika kupita ku Boma makalata ali pakeliyala. Loweruka njinga yomweyo inkasenza makala, Lamulungu inkasenza amayi kupita kutchalitchi. Mlongo wanga wamng'ono atadwala malungo usiku, ndi Eagle yomweyi inamufikitsa kuchipatala chachikulu, amayi atamubereka kumbuyo, atate akupalasa mumdima. Zinthu zitasintha pambuyo pa 1991, katundu wakunja atayamba kulowa mwaufulu, fakitale ija inazilala monga anachitira mafakitale ambiri a boma. Njinga zake ndiye zinakana kufa. Pamango pamabwerabe ma Eagle amene anaona ukwati wa eni ake, ndipo lero akupalasidwa ndi zidzukulu.

Ukakhala pabenchi paja ola limodzi umamva mbiri ya tauni ino imene sunaimve m'kalasi. Tsiku limenelo panali akuluakulu atatu, mmodzi mphunzitsi wopuma ntchito. Iwo akatenthedwa ndi nkhani satchula Chipata, amati Fort Jameson, dzina limene azungu a kampani ya British South Africa anapatsa malo ano polemekeza Leander Starr Jameson, atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 ndi kupha mwana wake Nsingu. Aphunzitsiwo amakonda kukumbutsa anyamata kuti tauni ino inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, nthawi imene Lusaka inali kasiteshoni ka sitima chabe. Amafotokoza mmene tauni inagawidwira: azungu kwawo kwa mayadi aakulu ndi mitengo ya maluwa, amwenye kumashopu kwawo pafupi ndi mzikiti, ife anthu akuda kukomboni. Amwenyewo anayamba kufika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudzera ku Nyasaland, ndipo mpaka lero tikafuna nsalu, malata kapena sipoko timatsikira komweko. Mkulu wina, amene atate ake anagwira ntchito m'mafamu a fodya a azungu asanapite ku Walale, ku Southern Rhodesia, anati munthu wobwerera kuchokera kumeneko wopanda njinga ya Humber kapena Raleigh ankalowa m'mudzi usiku chifukwa cha manyazi. Anaseka onse, koma aphunzitsi anawonjeza mwakachetechete kuti ambiri sanabwerere n'komwe, anasanduka machona.

Za Kapata weniweniyo amakamba ngati akukamba za m'bale wawo. Amakumbuka mizere ya nyumba za kanselo zofanana ngati mazira, zipinda ziwiri, chimbudzi panja, mpopi umodzi mabanja angapo. Ine ndinakulira m'nyumba yotero. Mu 1996, boma la a Chiluba litalamula kuti nyumba za kanselo zigulitsidwe kwa okhalamo, atate anagula yathu, ndipo ndimakumbuka amayi akulira ndi chimwemwe atagwira mapepala. Kuchokera pamenepo komboni inasintha nkhope. Aliyense anayamba kuwonjezera zipinda za lendi kumbuyo, kantemba kutsogolo, mpanda wa njerwa m'malo mwa mpanda wa maluwa. Mabwalo amene tinkasewererapo phada ndi mpira wa mapepala anatha limodzilimodzi. Anthu anachuluka, makomboni a Mchini, Nabvutika ndi Magazine anakula, nyumba zinayamba kukwera mapiri amene kale anali ndi mitengo yokhayokha. N'chifukwa chake madzi a mvula masiku ano amatsika ndi ukali n'kukumba ngalande zonga ija inagwetsa mwana wanga. Mu 2017 Chipata inalengezedwa kukhala mzinda, tinasangalala, ndipo misewu ina inaikidwadi tara. Koma malo oti anthu a komboni n'kukhala pansi pamodzi osalipira kanthu atsala owerengeka, ndipo pamango ndi amodzi mwa iwo.

Izi ndikunena si zongokometsera. M'bokosi la masipanala muja, pansi pa chiguduli, mumakhala kabuku ka chipepeso. Maliro akagwa m'chigawo chathu, uthenga umafika pamango usanafike kwina kulikonse, ndipo aliyense wobwera kudzapopa tayala amasiyapo kangachepe, dzina lake n'kulembedwa. Atate atamwalira, ndalama ya nkhuni ndi thumba limodzi la ufa zinachokera m'kabuku kameneko, ndipo anyamata onyamula anthu panjinga, amene anzathu a ku Malawi amati akabaza, anatuta mipando ya kutchalitchi tsiku lonse osalandira ngwee. Ana akabwera ndi mpira wophwa amawapopera ulere, koma ayambe apereka moni bwinobwino. Amayi ochokera kumidzi ndi nshawa, kachewere kapena nkhuku amasiya njinga zawo pamenepo akamalowa mumsika, ndipo sindinamvepo kuti yasowa. Kiyi wotayika, kalata ya munthu amene anasamuka, mwana wosochera, zonse zimathera pamango. Ngakhale wofuna nyumba ya lendi amayamba wafunsa pamenepo.

Anyamata onyamula anthu aja ndiwo makasitomala a tsiku ndi tsiku. Amafika m'mamawa, wina buleki yatha, wina pedulo ikugogoda, ndipo ambiri amakonzeredwa pangongole n'kudzalipira madzulo akapeza. Ndinaona mmodzi akumatitsa chubu chimene chinali kale ndi zigamba zisanu ndi chimodzi. Amalume anachipopa, n'kuchimiza m'beseni chigawo ndi chigawo mpaka tithovu tinayamba kutuluka, anabaya kachitsotso pabowopo kuti pasasowe, anapukuta, anapala ndi msasa, anapaka solushoni ndi chala n'kudikira kuti iume kaye. Anyamata a masiku ano amamata solushoni ikadali yamadzi, n'chifukwa chake chigamba chawo chimatsanzika pofika pa Kalongwezi. Atamaliza anamuuza mnyamatayo kuti, "Ichi ndi chomaliza mphwanga. Mawa ugule chubu, usamanyamule ana a eni pa zigamba."

Ntchito yawo ikuchepa, sabisa. Njinga zamoto zadzaza tauni, ndipo mnyamata aliyense akapeza ndalama amathamangira kumeneko. Amalume njinga zamoto sazigwira, amati zinawapeza atakalamba. Njinga zopalasa za Buffalo amazikonza ndipo amaziyamikira kulimba kwake, makamaka keliyala yake imene inapangidwa kuti izisenza makilogalamu 100, ngakhale amati buleki yake ya m'habu, yoponda chobwerera m'mbuyo, imafuna munthu woidziwa pomasula. Njinga zamagiya zakaunjika amazilandira monyinyirika chifukwa zipangizo zake sizipezeka msanga.

Tsopano ndinene zimene sizinandikondweretse, chifukwa zilipo.

Nthawi pamango siyendera wotchi. Anandiuza kuti ndibwere Lachitatu madzulo, ndinapeza njinga ikadali chagada chifukwa kunagwa maliro ku Mchini ndipo iwo anatseka bokosi n'kupita. Lachinayi anali atayamba ya munthu wina amene anachokera kutali, kufupi ndi malire a Mwami, ati sakanamugoneka m'tauni. Ndinaitenga Loweruka. Zifukwa zake ndikuzimvetsa, ndipo mwina n'zomwezo zimene zimachititsa malowa kukhala mmene alili, koma mwana wanga anayenda wapansi kusukulu sabata yathunthu, ndipo ine ndinataya maola amene ndikanasoka mayunifomu a anthu. Akanangondiuza poyamba kuti ndi Loweruka, mtima ukanakhala m'malo. Foni ali nayo koma imakhala m'thumba la jekete lopachikidwa pamtengo, kuimba n'kutaya nthawi.

Chachiwiri ndi mnyamata amene akuphunzira ntchito. Ndi waulemu ndipo adzakhala mmisiri, koma akadali ndi phuma. Ndiye anamanga wilo yakumbuyo, ndipo anathinitsa makoni mopitirira moti patangopita masiku atatu habu inayamba kulira ngati chigayo. Nditabwerera nayo amalume anamasula okha, anasintha mabolo awiri amene anali ataphwanyika, sanandilipiritse, ndipo anamuonetsa mnyamatayo pamaso panga mmene koni imafunikira kusiyidwira mpata wochepa. Anakonza bwino, koma ulendo wachiwiriwo sukanafunika. Ngati ntchito yanu ndi ya m'habu kapena ya limu, nenani poyera kuti mukufuna manja a akuluwo.

Kuwotcherera sachita okha, amatumiza kwa mnzawo wa makina chapafupi. Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti akuzima pafupifupi tsiku lonse, keliyala ya mnansi wanga inakhala kumeneko masiku asanu ndi atatu. Dzinja nalo ndi vuto. Denga ndi masamba a mango basi, mvula ikagwa ntchito imaima, onse amathawira pakhonde la shopu yoyandikana. Ndipo kwa ife azimayi, benchi lija ndi la azibambo. Palibe amene anandithamangitsa, amalume anachita kutuma mwana kukanditengera kampando, koma nkhani za anyamata ena zikafika pa ndale ndi pa akazi pakamwa pawo sipakhala bwino. Akuluwo akamva amadzudzula, akatanganidwa zimapitirira. Mtsikana wamanyazi sangafikepo yekha momasuka, ndipo zimenezi ziyenera kukonzedwa popeza atsikana opalasa njinga kupita kusukulu ndi ambiri tsopano.

Mtengo wake ndi wachifundo, kungoti sulembedwa paliponse, choncho funsani ntchito isanayambe. Ine pa kuwongola limu, kumanga masipoko, foloko ija, kutsuka tcheni ndi kupaka girisi ndinalipira K120, masipoko ndinagula padera. Kumata chubu ndi ndalama yochepa yoti mwana wasukulu angakwanitse. Amalume amawerengabe ndalama mwakale, K5 amati faifi pini, ngakhale maziro atatu anachotsedwa pa kwacha mu 2013, ndiye mlendo asadzidzimuke akamva mapini. Lisiti kulibe. Ndalama ya pafoni amalandira kudzera kwa mnyamata uja, koma iwo amakonda ya m'manja. Ndaonapo akutchula mtengo wokwererako kwa munthu wobwera ndi galimoto njinga ili kumbuyo, n'kutsitsa kwa mayi wamasiye wogulitsa chibwabwa. Ena zimenezi amaziona ngati kukondera. Ine ndinakulira m'komboni momwe sing'anga, telala ndi mmisiri ankayamba ayang'ana munthu asanatchule mtengo, ndipo nanenso ndimatero pa makina anga.

Amene ali ndi njinga yachikale, Eagle, Humber, Phoenix kapena Buffalo, ndipo akufuna kuti ikhalitse, apite pamango. Afike m'mawa anyamata onyamula anthu atangochoka, cha m'ma 9 koloko, asapite Loweruka chifukwa ndi tsiku la msika ndipo njinga za kumidzi zimachita mzere. Amene akufuna kuti akonzeredwe pompopompo, kapena ali ndi njinga yamagiya ambiri, kuli anyamata ena m'tauni amene angamuthandize msanga.

Tsiku lotenga njinga amalume anaikwera okha kaye, anazungulira mtengo kawiri, anasiya handulo pang'ono kuti aone ngati ikukokera mbali, n'kutsika. Anapatsa mwana wanga kabotolo ka oilo wakutha wa galimoto kuti azidontheza patcheni Lamulungu lililonse, ndipo anamuuza kuti thumba la ufa azimanga ndi lamba wa chubu pakati pa keliyala, osati cham'mbali. Kwa ine anati sipuling'i imodzi ya chishalo yatsala pang'ono kuduka, akuyang'ana ina m'mulu muja, ndibwere nayo mvula isanayambe. Ndawasokera epuloni ya kaki ya matumba atatu, lina la kakiyi ka masipoko, chifukwa tsiku lija anakafuna kawiri m'dothi. Ndidzapita nayo tsiku lomwelo.